Galimoto ikuterereka pa 90 km/h mu Unity, ndikakweza stiffness ikugubuduzika

Dalitso_3D:
Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndikupanga gemu ya galimoto mu Unity, matayala ndi WheelCollider (tayala lopangidwa kale la Unity), galimoto ya RWD (yokankha ndi matayala akumbuyo), Rigidbody 1200 kg, wheelbase 2.6 m, track 1.5 m, radius 0.31. Spring 35000, damper 4500, ma friction curve (mmene tayala limagwirira msewu likamaterereka) sindinawakhudze kupatula stiffness, nambala yochulukitsa kugwirako. Pa 40 km/h zonse zili bwinobwino. Ndikafika 90 n'kungokhudza chiwongolero kutsogolo sikumva, kenako kumbuyo kumathawa kamodzin'kamodzi, osabwezekanso. Ndaika sideways stiffness pa 2, kuterereka kwatha koma ikugubuduzika pa kona iliyonse. Ndatsitsa centerOfMass mpaka pansi pa matayala, kugubuduzika kwatha koma tsopano ikuyenda ngati ili pa njanji, buleki kapena mafuta pakona sizikusintha kanthu. Ikaima pa chitunda ikunjenjemera n'kumatsetsereka. Fixed Timestep 0.02, kutanthauza kuti physics imawerengedwa masekondi 0.02 aliwonse. Ndikuyesera pa chiwongolero cha Logitech G29 ndi kiyibodi koma gemuyi ipita pa Android. Kasitomala akufuna demo Lachisanu. Ndiyambire pati?

Kondwani_phys:
Tayani WheelCollider amwene, mukungotaya nthawi. Raycast imodzi pa tayala lililonse, sipuling'i ndi damper muwerengere nokha, Fz, kulemera komwe tayala lanyamula, mwaipeza. Slip angle, kusiyana kwa komwe tayala laloza ndi komwe likupita, ndi atan2 ya liwiro la m'mbali pa liwiro la kutsogolo. Kenako formula ya Pacejka yowerengera grip ya tayala, poyambira pa tala wouma B 10, C 1.9, D 1, E 0.97, n'kuchulukitsa ndi Fz. Nambala iliyonse ili m'manja mwanu.

Tiyamike:
Musanataye chilichonse tiuzeni, steerAngle mukuipatsa zingati? Ndikukayikira kuti ndi input kuchulukitsa 30 kapena 35. Tawerengani nokha. 90 km/h ndi 25 m/s. Tayala logwira 1 g silingakhote kona yothina kuposa v²/g, ndiye 625 kugawa 9.81, pafupifupi mamita 64. Wheelbase 2.6 kugawa 64 ndi madigiri 2.3 basi. Kiyibodi ikapereka 1 mwakamodzi, matayala akutsogolo akulumphira pa madigiri 30, pomwe tayala la pamsewu limagwira kwambiri slip angle ikakhala cha m'ma 6 mpaka 10. Mwadutsa nsonga ya curve mu step yoyamba yomwe, n'chifukwa chake kutsogolo sikumva.

Malire a steerAngle akhale atan(L × mu × g / v²) kuphatikiza madigiri 5 kapena 6 (L ndi wheelbase, mu ndi grip ya tayala), ndipo mufike pamenepo ndi MoveTowards, osati kulumpha. Koma samalani: malirewo muwayeze kuchokera komwe galimoto ikulowera, osati komwe mphuno yaloza. Mukapanda kutero, kumbuyo kukathawa wosewera sangathe kubweza chiwongolero mokwanira, ndipo adzati gemu yamulanda galimoto.

aMbewe:
Bwezani stiffness pa 1 lero lomwe, ndipo centerOfMass muikweze. Galimoto imagubuduzika matayala akagwira kuposa track kugawa kutalika kwa centre of mass kawiri. Yanu ndi 1.5 kugawa 2 × 0.5, yankho 1.5 g. Stiffness 2 ikupempha 2 g, ndiye matayala am'kati ayenera kunyamuka asanaterereke. Palibe bug pamenepo, masamu akuchita zomwe mwawauza.

Kuika centre of mass pansi pa nthaka ndiye koipa kwambiri, chifukwa kulemera kumasamukira mbali yolakwika: pakona galimoto imapendekera m'kati, pa buleki mphuno imadzuka. Ikakhala pa 0.5 m ndipo muli pa 0.9 g, pafupifupi 3500 N imasamukira ku matayala akunja, kuchoka pa 5900 N yomwe mbali iliyonse imanyamula galimoto ikaima. Kusamuka kumeneko ndi komwe wosewera amamva kuti galimoto ili ndi thupi. Ikani pakati pa 0.45 ndi 0.5 m kuchokera pansi, ndipo kumbukirani kuti nambalayo imayezedwa kuchokera pa origin ya object, osati pa nthaka.

Chinanso, sindikizani rb.inertiaTensor, nambala zosonyeza mmene galimoto imakanira kutembenuka. Unity imaiwerengera kuchokera ku ma collider, ndiye ngati bokosi la thupi ndi lalifupi, inertia ya yaw (y, ya kutembenukira kumanja kapena kumanzere) imachepa ndipo galimoto imatembenuka msanga kuposa mmene dzanja lingabwezere. Pa 1200 kg ndi wheelbase imeneyo, y ikhale cha m'ma 2000.

Dalitso_3D:
Zikomo achemwali, ndi input × 30. Ndaika malire aja, kutsogolo kwayamba kumva. Akulu aMbewe, centerOfMass ili pa 0.5, stiffness 1, inertia y inali 900 ndaipanga 2000. Sikugubuduzika. Koma ndikaponda mafuta potuluka pakona kumbuyo kukuthawabe. motorTorque 1500 tayala lililonse lakumbuyo.

aMbewe:
1500 pa liwiro lililonse? Ndi pamenepo. motorTorque ndi ya pa tayala, osati ya injini. 1500 kugawa radius 0.31 ndi 4800 N, pomwe tayalalo lanyamula pafupifupi 2900 N. Liyenera kuzungulira pachabe. Nambala yoteroyo ndi ya giya yoyamba: injini ya 200 Nm, giya 3.5, diff 4.1, zikupereka 2870, kugawa pawiri 1435. Mu giya yachitatu ya 1.3 tayala lililonse limalandira cha m'ma 530 basi. Lembani gearbox, ngakhale yosavuta ya magiya asanu.

Ndipo tayala la 20 kg lili ndi inertia yosakwana 1 kg·m². Pa galimoto yeniyeni injini ndi flywheel zimalumikizika ku tayalalo, ndipo inertia yake imachulukitsidwa ndi giya kawiri: giya 3.5 × 4.1 ndi 14.35, ndiye 0.15 × 14.35 × 14.35 ndi 31. WheelCollider siyidziwa za injini, n'chifukwa chake rpm imalumpha mu step imodzi. Dulani torque forwardSlip ikadutsa extremumSlip (nsonga ya curve), kapena kwezani mass ya matayala oyendetsa pang'ono. Musaikweze kwambiri, mabuleki adzachedwa kugwira.

Kondwani_phys:
Mwaona? Mwayamba kale kulemba gearbox, traction control, inertia yabodza, zonse kuti muphimbe WheelCollider. Raycast ndi Pacejka, nkhani yatha.

Tiyamike:
AKondwani, manambala mwapereka aja ndi a mphamvu ya kutsogolo, ya slip ratio. Ya m'mbali C imakhala cha m'ma 1.3. Ndipo simunawauze zomwe zimachitika galimoto ikaima. Slip ratio imagawidwa ndi liwiro, liwiro likafika ziro nambala imaphulika, galimoto imavina pamalo amodzi. Pamafunika relaxation length, kapena model ina ya liwiro lochepera 2 kapena 3 m/s, kenako kusakaniza ziwirizo bwinobwino. Pamafunikanso combined slip, tayala likamakankha ndi kukhota nthawi imodzi. Zimenezo si za munthu amene ali ndi demo Lachisanu.

ADalitso, konzani ma curve. Default ya sideways ndi extremum (slip ndi grip pa nsonga) 0.2 ndi 1, asymptote (pomwe curve imathera kugwa) 0.5 ndi 0.75. Ya forward ndi 0.4 ndi 1, kenako 0.8 ndi 0.5. Ndiye kuti tayala likangozungulira pachabe theka la grip lapita. Tayala lenileni pa tala wouma siligwa chonchi, limataya pang'ono n'kumakokabe. Yesani asymptoteValue 0.9 m'mbali, 0.8 kutsogolo, ndipo asymptoteSlip muitalikitse kuti kugwako kukhale kwapang'onopang'ono. Stiffness yakumbuyo ipose yakutsogolo pang'ono, 1.05 kapena 1.1, kuti kutsogolo kuyambe kuterereka. Musinthe nambala imodzi pa nthawi, mukuyendetsa mozungulira bwalo la radius 50 m, mukulemba sidewaysSlip ndi force za GetGroundHit mu fayilo. Popanda girafu mukhala mukungolota.

Yamie_rigs:
Pa combined slip yatchulidwayo, iyeseni chonchi: muli pakona pa malire a grip, pondani mafuta. Kumbuyo kuyenera kutuluka pang'onopang'ono malinga ndi phazi. Tayala lili ndi thumba limodzi la grip, sqrt(Fx² + Fy²) sipitirira mu × Fz (Fx ndi mphamvu yokankha, Fy ya m'mbali). Mukadya 0.6 pokankha, m'mbali mwatsala 0.8. Ngati phazi silikusintha kanthu mpaka tayala litazungulira pachabe, chepetsani sideways stiffness nokha ndi formula imeneyo pa FixedUpdate iliyonse, koma musaitsitse kupitirira 0.5.

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto yovuta kuyendetsa ndiye yeniyeni. Ayi. Tayala lenileni limachenjeza lisanasiye, ndipo limalola kubweza. Chomwe chimavuta mu gemu n'chakuti msana sumva kanthu, ndiye chenjezo liyenera kubwera ndi phokoso, kamera ndi chiwongolero. Phokoso la matayala liyambe slip ikafika cha m'ma 70% ya nsonga, osati itadutsa kale.

Kondwani_phys:
Ndipo magemu ena a magalimoto, Assetto Corsa imayendetsa physics pa 333 Hz, BeamNG pa 2000 Hz. Inu muli pa 50 Hz, galimoto ikulumpha theka la mita pa step iliyonse. Ndi code yanu mungagawe step ya tayala lokha kakhumi osakhudza scene yonse.

aMbewe:
WheelCollider imachitanso zomwezo achimwene, ConfigureVehicleSubsteps(5, 12, 15), muitane kamodzi pa tayala limodzi ndipo igwira galimoto yonse. Koma aDalitso musathamangire kutsitsa Fixed Timestep pa 0.005 chifukwa pa laputopu zikuoneka zosalala. Ndi physics kanayi pa nthawi yomwe inali kamodzi. Pa foni ya RAM 2 GB frame ikachedwa Unity imathamangitsa ma step ambiri kuti ipeze nthawi yotayika, frame yotsatira imachedwanso, foni imatentha n'kudzitsitsa liwiro. Yambani ndi 0.01, muyese pa foni yotsika kwambiri imene muli nayo kwa mphindi 15, osati ziwiri. Mukasintha timestep mubwerezenso kuyeza ma curve onse, chifukwa galimoto simvekanso chimodzimodzi. Rigidbody ikhale pa Interpolate.

Za kunjenjemera pa chitunda, onani kaye kuti scale ya ma object a matayala ndi 1, 1, 1, komanso kuti rotation ya model yochokera ku Blender sinalowe pa parent wawo. Onaninso kuti collider ya thupi sikukhudza nthaka sipuling'i ikaphwa. Zikakhala bwino, liwiro likatsika pansi pa 0.1 m/s ndipo buleki yapondedwa, kwezani drag ya Rigidbody kwambiri mpaka mafuta apondedwe. Mu Unity 6 dzina lake ndi linearDamping.

Yamie_rigs:
Pa G29 musagwiritse malire a kiyibodi aja. Chiwongolero chili ndi madigiri 900, 450 mbali iliyonse, kugawa lock ya 35 ndi pafupifupi 13 kwa 1, ndipo zipite molunjika popanda smoothing. Force feedback musaitenge ku steerAngle, imeneyo ndi sipuling'i chabe. Itengeni ku mphamvu ya m'mbali ya matayala akutsogolo kuchulukitsa trail, kamtunda komwe mphamvuyo imagwirira kumbuyo kwa pakati pa tayala. Pneumatic trail imachepa slip angle ikamakula, ndiye chiwongolero chimayamba kupepuka grip isanafike pa nsonga, ndipo kupepuka kumeneko ndiye chenjezo lomwe dalaivala amadalira. G29 ndi yofooka, cha m'ma 2 Nm, mukakweza gain imadzadza pa kona iliyonse ndipo kupepukako sikumveka. Pakona yolimba ikhale pa 70 mpaka 80% ya mphamvu yake.

Koma ngati kasitomala adzayesera pa foni, konzerani pa foni. Galimoto yokoma pa G29 imakhala yolusa pa touch.

Kondwani_phys:
Trail imeneyo muipeza kuti mu WheelCollider? Mulibe Mz (torque yobweza tayala kuti liwongoke), mulibe load sensitivity yoti muikonze nokha, mulibe kutentha kwa tayala. Demo ikadutsa mudzabwerera ku raycast, ndanena.

Tiyamike:
Adzabwerera akadzapeza mwezi wathunthu. ADalitso, mu demo muli msewu wafumbi? WheelCollider siyiwerenga physics material ya nthaka, ndiye muyenera kutenga hit.collider n'kusintha curve nokha pa tayala lililonse. Ndipo kutsitsa stiffness pa 0.6 kokha sikukwanira. Pa fumbi nsonga imabwera pa slip yaikulu ndipo curve imakhala yafulati, ndiye extremumSlip ikwere, asymptoteValue iyandikire extremumValue. Msewu wanu ndi Terrain kapena ndi mesh yosiyana? Ngati ndi Terrain imodzi, collider ndi yomweyo paliponse, mufunika kuwerenga alphamap (mapu osonyeza texture ya malo aliwonse), ndipo musaitane GetAlphamaps pa step iliyonse.