Mapiramidi a ku Egypt anamanga ndani kwenikweni, ma alien, Aisraeli kapena eni dziko?

Nachisale_KK

Abale ndithandizeni poti nkhaniyi yavuta pakhomo pano. Mwana wanga wa Form 3 wakhala akuonera mavidiyo pa TikTok onena kuti mapiramidi a ku Egypt sanamange ndi anthu ayi koma ma alien ochokera kumwamba, eti miyala yake ndiyolemera moti olo makireni a lero sanganyamule nde anthu opanda makina akanatha bwanji. Ine chikulire ndimadziwa kuti anamanga ndi Aisraeli ali pa ukapolo kwa Farao, pomwe bambo ake akuti ayi zinali nkhokwe zomwe Yosefe anasungiramo tirigu wa zaka 7 za njala zija. Nde nyumba imodzi mayankho atatu. Mwanayu amakonda history kwambiri ndipo sindikufuna kungomuuza kuti zabodza izo popanda chomupatsa chogwirika. Amene munawerengako tiuzeni.

Mphunzitsi_Chipoka

Mayi, mwanayo musamukalipire, akufunsa zoyenera. Ndiyambe ndi za m'Baibulo poti mutha kuziona nokha usiku uno. Eksodo 1:11 akuti Aisraeli anamangira Farao midzi yosungiramo zinthu, Pithom ndi Rameses, ndipo pa chaputala 5 ntchito yawo inali youmba njerwa ndi udzu. Piramidi sikutchulidwa paliponse. A ku Giza ndi a miyala osati njerwa, ndipo yaikulu ija ya mfumu Khufu inamangidwa cha m'ma 2560 BC, zaka zoposa 1,000 Mose asanabadwe.

Za nkhokwe bambowo sali okha, azungu akale ankakhulupiriranso zomwezo, mpaka mu tchalitchi cha St Mark ku Venice anajambula mapiramidi ngati nkhokwe za Yosefe. Koma piramidi ya Khufu mkati mwake ndi mwala wokhawokha, muli zipinda 3 ndi tinjira topanikiza basi, ndipo m'chipinda chapamwamba muli bokosi la mwala loikamo maliro. Tirigu wa dziko lonse akanalowa pati?

Tsono za ma alien. Chimene mavidiyowo sakuuzani n'chakuti amene anamanga anasiya umboni wambiri zedi. Mu 2013 gulu la Pierre Tallet wa ku France linapeza mapepala a gumbwa pa Wadi al-Jarf m'mbali mwa Red Sea, ndipo ena mwa iwo ndi kaundula wa kapitawo wina dzina lake Merer. Bamboyu ankalemba tsiku ndi tsiku kuti lero tapakira miyala ku Tura, tayenda pa Nile, tagona pakutipakuti, m'mawa mwake tafika ku Giza tatsitsa, tabwerera kukatenga ina. Anali ndi anthu pafupifupi 40 ndipo akutchula ndi bwana wake yemwe, Ankhhaf, m'bale wake wa Khufu. Ine ndikawerenga za Merer mtima umandigunda, munthu wantchito wa zaka 4,500 zapitazo akutiuza yekha zomwe ankachita.

Chakumwera kwa Sphinx, chifanizo chachikulu cha mkango wa mutu wa munthu chomwe chili pa Giza pomwepo, katswiri wofukula zakale Mark Lehner anakumba n'kupeza mudzi wa antchitowo, muli mophikira buledi, mitsuko, ndi mafupa ambirimbiri a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zomwe ankadya. Mu 1990 manda a antchitowo anapezeka. Mafupa ena akuonetsa misana yomwe inalema ndi katundu, ena munthu anathyoka mkono wina n'kumumanga bwino mpaka kuchira. Anawaika mwaulemu pafupi ndi mfumu yawo. Komanso pamwamba pa chipinda cha mfumu, m'malo omwe anatsekedwa pomanga, magulu a antchito analemba maina awo ndi utoto wofiira, lina linkatchedwa Abwenzi a Khufu.

Che_Msodzi_SengaBay

Aphunzitsi mwalasa. Ine ndingoonjezera za kukoka poti ndi zomwe ndimadziwa. Choyamba zoti makireni sangathe ndi bodza, miyala yambiri mwa 2.3 miliyoni ija imalemera matani 2.5 umodzi, ikuluikulu ya pa denga la chipinda cha mfumu ndi matani makumi angapo, makireni a lero amanyamula zoposa pamenepo kutalitali.

Pali chithunzi m'manda a bwanamkubwa wina Djehutihotep, anthu 172 ali m'mizere akukoka chifanizo chachikulu ndi zingwe, chili pa matabwa okhwekhwereza pansi opanda matayala, nde kutsogolo kwaima munthu mmodzi akuthira madzi pa mchenga. Mu 2014 a ku yunivesite ya Amsterdam anayesa n'kupeza kuti mchenga ukanyowa mwa muyezo wake mphamvu yokokera imatsika ndi theka. Ife kuno zimenezo n'za tsiku ndi tsiku. Boti lathabwa likamatuluka m'madzi, pa mchenga wonyowa limabwera bwinobwino ndi anyamata ochepa, koma kungofika pouma mchenga umaunjikana kutsogolo boti n'kuima nji, nde timayala mitengo pansi, kuitana ena, wina n'kuyambitsa nyimbo kuti tonse tikoke kamodzi. Anthu ambiri, chingwe chabwino ndi kapitawo wodziwa ntchito, chinthu chimayenda ndithu.

Dalo_Dwangwa

Ok akuluakulu ndamva koma musangotseka nkhani choncho. Ine za ma alien sindilimbikira koma pali zina zosamveka. Robert Schoch si munthu wa pa TikTok, ndi katswiri wa miyala wa ku Boston University ndipo anati zipupa zozungulira Sphinx zinadyedwa ndi mvula yambiri osati mphepo, nde mvula yotero ku Egypt inkagwa kalekale, iye anati mwina 5000 mpaka 7000 BC, kutanthauza kuti kunali anthu ena otsogola mafumuwa asanabwere. Chachiwiri ku Abydos pa khoma la kachisi pali chithunzi cha helikopita chooneka bwinobwino ndachiona ndi maso angawa pa foni. Chachitatu mu 2017 anapeza mphako yaikulu mkati mwa piramidi ya Khufu yomwe palibe analowamo. Nde mukati zonse zikudziwika mukutanthauza chani? Mwinatu a boma la Egypt pali zomwe akubisa kuti ma tourist asasiye kubwera.

Nangozo_Lifuwu

Achimwene a ku Dwangwa, mafunso anuwa ndi abwino kuposa a ma alien aja, tiyeni tiwaone.

Helikopita ija ndi yosavuta. Kachisiyo ndi wa Seti I, anagoba maina ake aulemu pa mwalawo, kenako mwana wake Ramesses II anamata pulasitala n'kugoba ake pamwamba pomwepo. Patapita zaka pulasitala inagwa, zolemba ziwirizo n'kusakanikirana. Odziwa kuwerenga zilembozo amawerenga maina onse awiri pamenepo.

Sphinx sanachite kumanga, anasema pa thanthwe lomwe linali pomwepo, ndipo thanthwelo lili ndi magawo olimba ndi ofewa osanjikizana, ofewawo amafumbutuka msanga ndi mchere komanso chinyezi, n'chifukwa chake thupi linadyeka kwambiri pomwe mutu uli bwinoko. Miyala yomwe anachotsa mozungulira anamangira kachisi ali kutsogolo kwakeyo, ndipo kachisiyo amalumikizana ndi zomanga za mfumu Khafre, mwana wa Khufu. Vuto lalikulu la ganizo la Schoch ndi ili, ngati kunali anthu otha kusema chinthu chotalika mamita 73 mu 7000 BC, mbiya zawo zili kuti? Zida zawo, manda awo, zinyalala zawo? Anthu a Khufu anatisiyira mpaka mafupa a ndiwo zawo, awa sanasiye olo phale limodzi pa Giza.

Mphako ija ndi yoona, ndi yotalika mamita osachepera 30 ndipo anaipeza ndi makina oyeza tinthu tochokera mumlengalenga totchedwa muon. Koma onani, boma la Egypt lomwelo ndi lomwe linaloleza kafukufukuyo ndipo analengeza poyera. Akatswiri amatsutsanabe kuti mphakoyo inali ya chiyani, ngatinso momwe amatsutsirana za maonekedwe a chitunda chokwezera miyala pamwamba, kaya chinali chowongoka kaya chozungulira. Kutsutsana za kamangidwe si kutsutsana za amene anamanga.

Chomwe chimandikhutiritsa ine kwambiri n'chakuti timawaona akuphunzira. Piramidi ya mfumu Djoser ku Saqqara, yomwe anakonza Imhotep zaka pafupifupi 100 Khufu asanamange, ndi ya masitepe 6. Kenako Sneferu, bambo ake a Khufu, anamanga ina ku Dahshur anayamba moimirira kwambiri pa madigiri 54, zitayamba kuvuta pakati anasintha n'kupita pa 43, mpaka lero imaoneka yopindika. Yotsatira anayamba ndi 43 kuchokera pansi n'kutheka bwino. Mwana wake ndiye anadzamanga yaikulu ija ya mamita 146. Ndi banja limodzi likuyesa, kulakwitsa, kukonza.

Agogo_a_ku_Linga

Ana anga, ine nkhani iyi imandiwawa ndipo ndinene chifukwa chake. Ndinakhalako ku Zimbabwe pa ntchito ndipo ndinakaona malinga a miyala a Great Zimbabwe, miyala yosanjidwa popanda matope olo simenti. Mzungu wina Karl Mauch atafika pamenepo mu 1871 anati anamanga ndi anthu a Mfumukazi ya ku Seba, ena anati Afoinike, aliyense bola asakhale munthu wakuda. Mu 1929 mayi wina Gertrude Caton-Thompson anakumba n'kunena poyera kuti anamanga ndi anthu a mu Africa momwemo, koma boma la Ian Smith linkakanabe, mpaka katswiri wawo Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunama. Lero dziko lonselo likutchedwa ndi dzina la malingawo.

Za ma alienzi anazitchukitsa ndi Erich von Däniken wa ku Switzerland mu 1968, ndipo mu 2020 Elon Musk analembanso zomwezo pa Twitter mpaka nduna ya ku Egypt, mayi Rania al-Mashat, anamuitana kuti abwere adzaone manda a omangawo. Ine ndimafunsa kuti bwanji sanena kuti Colosseum, bwalo lakale la masewero la ku Rome, anamanga ma alien? Zikakhala za mu Africa ndiye mpaka thandizo lichokere kumwamba? Iwe Nachisale mwana wanga, umuuzenso mdzukulu wangayo kuti ku Sudan kuli mapiramidi oposa 200, ochuluka kuposa a ku Egypt, a mafumu a ku Kush, ndipo mmodzi mwa iwo Taharqa analamulira Egypt yense, ndi yemwe akutchulidwa pa 2 Mafumu 19:9.

Dalo_Dwangwa

Agogo zimenezo ndazimva ndipo zandikhudza. Asisi a ku Lifuwu za helikopita mwandikhutiritsa. Koma chimodzi chatsala, granite yemwe anamangira chipinda cha mfumu chija ndi mwala wolimba koopsa ndipo anthuwa analibe zitsulo zolimba, anali ndi kopa basi yemwe ndi wofewa, nde ankadula ndi chani?

Nangozo_Lifuwu

Kopayo sindiye ankadula achimwene, ankadula ndi mchenga. Sowo ya kopa inalibe mano, ankathira mchenga mu mzere n'kumakoka uku ndi uku, timiyala ta quartz ta mumchengamo n'tolimba nde timapala granite pang'onopang'ono, sowoyo nayo n'kumatha. Denys Stocks wa ku England anayesa ndi manja njira imeneyi ndipo inadula, kungoti imadya masiku. Pa bokosi la maliro la Khufu mizere ya sowo ikuonekabe, pena pomwe inapatuka n'kubwezedwa.

Pokumba ku Aswan, mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kumwera kwa Giza, ankagwiritsa ntchito mipira ya mwala wolimba kwambiri wotchedwa dolerite, kumenya pansi mpaka granite asanduke fumbi, kusesa, kumenyanso. Kumeneko kuli chipilala chomwe sanamalize, chotalika pafupifupi mamita 42, cholemera matani oposa 1,000, cha nthawi ya pambuyo pa Khufu. Chinang'aluka ali mkati mosema nde anangochisiya chili chigonere, pansi pake chikadali cholumikizana ndi thanthwe. M'ngalande zozungulira muli timaenje tomwe mipira ija inasiya, ndipo mipirayo anaipeza ili pomwepo. Mukagula bandulo sakani unfinished obelisk Aswan muone zithunzi zake.