Makampani a chitetezo cha pa intaneti akufunanji ku Belfast?

Nachisale_Dublin:
Abale, mwana wanga wachisamba wamaliza maphunziro a kompyuta kuno ku Dublin, koma ntchito akuifuna ku Belfast. Akuti makampani oteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti adzadza kumeneko. Ine mtima uli m'mwamba, Belfast ndimaidziwa ndi mbiri ya zipolowe basi. Chikuwakokera kumeneko n'chiyani?

Mbewe_Lisburn:
Mayi, khazikani mtima pansi, zipolowe zija zidazirala ndi mgwirizano wa mtendere wa 1998. Chikoka chachikulu ndi Queen's University Belfast. Ili ndi likulu la kafukufuku wa chitetezo cha makompyuta lotchedwa CSIT, ndiye makampani a ku America monga Rapid7 ndi Proofpoint adatsegula maofesi pafupi kuti azitola ophunzira akangomaliza. Malipiro ndi lendi ya ofesi n'zotsikirapo kuyerekeza ndi London, nyumba nazonso n'zotchipa kuposa ku Dublin.

Achimwene_Phiri:
Chimodzi chokha, achemwali. Belfast ili ku Northern Ireland, mbali ya UK, pomwe Dublin ili m'dziko lina, la Ireland. Ngati mwanayo alibe pasipoti ya Ireland kapena ya Britain, chilolezo chake cha ku Dublin sichigwira ntchito kumeneko. Afunse msanga ngati kampaniyo imathandiza za viza.

Nachisale_Dublin:
Zikomo achimwene, pasipoti ya Ireland ali nayo. Ndimulola, pa sitima ndi maola awiri ndi pang'ono, azibwera kudzadya nsima Loweruka.