Memory ya agent pa chain: gas ikudya ndalama, kasitomala akulipira kawiri

Chisomo: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tikumanga SDK (zida za code zoti ena aziika m'mapulogalamu awo) yoti agent, pulogalamu ya AI yogwira ntchito m'malo mwa munthu, azisunga zimene wakambirana ndi munthu n'kudzazikumbukira mawa. Makasitomala ndi makampani a ku Sandton ndi ku Rosebank mu Johannesburg, ndipo akufuna umboni woti palibe amene wasintha memory mobisa. Panopa mawu ndi embedding yake (vector, mndandanda wa manambala oimira tanthauzo la mawuwo) tikulemba zonse mu contract (pulogalamu yokhala pa blockchain) pa chain ya Base, agent n'kulipira USDC (crypto yotsatira mtengo wa dola ya ku America) kudzera pa x402 (njira yolipirira pa intaneti) akalemba. Gas, mtengo wolembera pa chain, ikukwera, komanso nthawi zina kasitomala akudulidwa kawiri pa chinthu chimodzi.

Mphatso: A Chisomo, embedding ichoke pa chain lero lomwe. Werengani nokha. Ngati model yopanga embedding ndi text-embedding-3-small, vector imodzi ili ndi manambala 1536, iliyonse float32, mabayiti 4. Pamodzi mabayiti 6,144. EVM, makina oyendetsa ma contract, imasunga mu slot ya mabayiti 32, ndiye ma slot 192. Slot yatsopano imadya gas 20,000, kuphatikiza 2,100 ya cold access (kukhudza slot koyamba). Zikupitirira gas 4 miliyoni pa chokumbukira chimodzi chokha. Ndipo mwalipira zonsezo, contract singakufufuzireni vector zofanana. Index mudzaimangabe kwina.

Yamikani: Nanga ma blob? Si otsika mtengo?

Mphatso: Otsika, koma blob ya EIP-4844 si nkhokwe. Inabwera mu March 2024 kuti ma rollup (ma chain ngati Base odalira Ethereum) azitumizira deta yawo ku Ethereum. Imatenga pafupifupi 128 KB, ma node (makompyuta osunga chain) amaifufuta pakatha masiku pafupifupi 18, ndipo contract siwerenga za m'kati mwake. Agent wanu adzaiwala zonse mwezi usanathe.

Tadala: Ine ndingazigawe patatu. Zofufuzira zikhale mu database ya Postgres ndi pgvector (chowonjezera chake chofufuzira ma vector), index ya HNSW. Seva ikhale pafupi: Azure South Africa North ndi africa-south1 ya Google zonse zili kuno ku Johannesburg, AWS ili ku Cape Town. Mawu enieni muwatseke ndi AES-256-GCM, munthu aliyense ndi key yake, kenako muike ku object storage kapena IPFS (netiweki yogawana mafayilo pakati pa makompyuta ambiri). Mukasankha IPFS, pinning (kuuza node kuti isafufute fayilo) ikhale pa malo awiri. CID, adilesi ya fayilo pa IPFS, siisunga kanthu yokha, fayilo yosapinidwa garbage collection imaisesa, ndipo node ya kunyumba imazima City Power, kampani ya magetsi ya ku Johannesburg, ikazimitsa magetsi.

Pa chain pazipita Merkle root yokha, mabayiti 32: hash (chidindo chachifupi cha deta) imodzi yoimira zolemba zonse. Sonkhanitsani zolemba kwa mphindi 10 kapena mpaka zikwane 1,024, pangani Merkle tree ya ma hash a keccak256, lembani root. Wofuna umboni wa cholemba chimodzi mumampatsa ma hash 10 basi, atsimikize yekha. Musaiwale salt (manambala ongosankha owonjezera musanapange hash) pa cholemba chilichonse. Mawu aafupi ngati nambala ya foni munthu angathe kuwalosera poyesa mmodzimmodzi mpaka hash ifanane.

Chisomo: Achemwali, abwana akukonda Arweave, netiweki yosunga deta mpaka kalekale, chifukwa amalipira kamodzi basi.

Tadala: Pamenepo ndiye pali POPIA, lamulo la ku South Africa loteteza zinthu zachinsinsi za munthu. Section 24 imapatsa munthu ufulu wopempha kuti zake zifufutidwe, ndipo pa Arweave palibe chofufuta. Section 72 imaikanso malire potumiza zinthu za munthu kunja kwa dziko, pomwe ma node ali paliponse. Chimene mungachite ndi kuwononga key ya munthuyo kuti ciphertext (mawu otsekedwa aja) ikhale zinyalala, koma loya wa kasitomala aone kaye njirayo musanailonjeze. Vector mu Postgres nayonso ifufutidwe, chifukwa kuchokera pa embedding anthu amatha kubwezeretsa mbali ya mawu oyambirira. Ma backup a key ndi amene amaiwalika kawirikawiri.

Mphatso: Tibwere ku kudula kawiri, chifukwa ndi kumene kungakuthawitsireni makasitomala. x402 imayenda chonchi: seva iyankha 402 ndi mtengo, client asayina transferWithAuthorization ya EIP-3009 (chilolezo choti ndalama ichoke mu wallet yake), atumizanso pempho lili ndi siginecha, facilitator (mkhalapakati wa malipiro) aitsimikiza n'kuipereka pa chain (settle). Tsono yerekezani kuti ndalama yadutsa koma yankho lachedwa, timeout yagunda. SDK yanu iyambiranso, ilandira 402 yatsopano, isayinanso ndi nonce (nambala yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha) ina yongosankha. Kwa contract ya USDC amenewo ndi malipiro awiri osiyana, onse ovomerezeka.

Nonce ya EIP-3009 ndi bytes32 iliyonse, siwerengedwa motsatana. Ndiye ipangeni kuchokera ku ntchitoyo: hash ya ID ya agent, ID ya cholemba ndi hash ya zolembedwazo. Ikabwerezedwa, token yokha ikana. Musanayesenso, funsani authorizationState pa contract ya USDC ndi adilesi ya wolipira ndi nonce imeneyo. Ikabweza true, ndalama inapita kale, ingotengani zotsatira. Ku seva, nonce yomweyo ikhale ndi UNIQUE mu tebulo, cholemba chikhale pending musanaitane settle, kenako paid. validBefore, nthawi imene siginecha ithera mphamvu, ikhale ya mphindi zochepa.

Yamikani: Onjezani ziwiri. USDC ili ndi ma decimal 6, ndiye 0.001 ndi 1000. Sungani ngati integer, float idzakusokonezani powerengera. Chachiwiri, root azitumiza worker mmodzi yekha. Nonce ya wallet imayenda motsatana, ma worker atatu pa adilesi imodzi adzakupatsani "nonce too low" tsiku lonse.

Chisomo: Bwanji kasitomala aike ndalama kwa ife pasadakhale, tizidula mu database, chain tiziikhudza kamodzi pa tsiku?

Tadala: Pa code ndi zophweka, pa malamulo ayi. FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa, inalengeza mu October 2022 kuti crypto asset ndi financial product pansi pa FAIS (lamulo la alangizi ndi amkhalapakati a zachuma), ndiye mukayamba kusunga ndalama za anthu mungagwere pofunika laisensi komanso malamulo a FICA (oletsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo). Wallet ikhale ya kasitomala, inu muike malire a ndalama imene agent angawononge pa tsiku. Agent wozungulira mu loop amatha kupukuta wallet usiku umodzi.

Mphatso: Poyesa, pitani pa Base Sepolia, chain yoyeserera ya Base, ndipo iphani seva dala pakati pa settle ndi yankho. Retry ikadula kamodzi kokha pamenepo, mutha kupita ku mainnet, chain yeniyeni.