External wabweza thesis, a Phiri anayi asokonekera

Wa ku Chikanda: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. External (woyesa wochokera kunja kwa yunivesite yathu) wabweza thesis yanga, ndipo zofiira zonse zili pa ma reference. Akuti ndasakaniza kalembedwe ka ma reference ka APA 6 ndi ka APA 7, mabuku ena ndalemba "Blantyre:" patsogolo pa wosindikiza, ena ayi. Chinanso, pa olemba mabuku ndili ndi a Phiri anayi ndi a Banda atatu, m'ndime sakudziwika kuti uyu ndi uti. Nanga mafayilo a ku National Archives aja, ndi agogo amene ndinacheza nawo ku Domasi, ndiwaike pati? Lachisanu ndiye tsiku lomaliza.

Bambo wa ku Chinamwali: Achimwene, mbiri yakale siyenda ndi APA. Pitani ku kalembedwe ka Chicago, ka ma footnote, fayilo iliyonse ikhala ndi nambala yake pansi pa tsamba.

Mayi wa ku laibulale: Dipatimenti ikati APA ndi APA basi, bambo. Achimwene, APA 7 inatuluka mu 2019 ndipo inachotsa mzinda wa wosindikiza, fufutani a Blantyre onsewo. Olemba akakhala atatu kapena kuposa, et al. (kutanthauza "ndi anzake") imayamba pa citation yoyamba pomwe. A Phiri anuwo muwaike ma initial m'ndime momwe, ngakhale zaka zawo zisiyane. Koma pa agogowo samalani kwambiri. Ngati ndi ma participant a kafukufuku wanu, salowa mu reference list, komanso si personal communication. Mawu awo mungowagwira m'ndime. Ndipo ngati fomu ya consent inawalonjeza chinsinsi, dzina lawo lisaoneke pena paliponse, ngakhale mu appendix.

Wa ku Matawale: Musagwire citation ndi manja ngati muli pa Zotero (pulogalamu yosunga ndi kusanja ma reference), chonde. Ine chaka chatha ndinakhala usiku wonse ndikukonza imodziimodzi mu Word, ma citation oposa 200. Kutacha ndinadina Refresh, zolakwika za mu bibliography zonse n'kubwerera. Ndinalira ngati pamaliro. Konzani mu library ya Zotero momwemo, ndipo sungani kaye kope lina pa flash.

Bambo wa ku Chinamwali: Ndi zomwe ndikunenazo. Ku Archives, fayilo ya Secretariat ya S1 ilibe wolemba mmodzi, muli makalata a anthu khumi a zaka zosiyana. Mulemba (ndani, chaka chiti)? Chicago.

Mayi wa ku laibulale: Mu APA mumatchula kalata yeniyeniyo: amene anailemba, tsiku lake, nambala ya fayilo, kenako National Archives of Malawi, Zomba. Zimatheka, kungoti n'zotopetsa.

Wa ku Sadzi: Ndiwonjezepo, musapemphe ChatGPT kuti ikukonzereni list. Wophunzira wanga wina anabweretsa ma article asanu ooneka bwinobwino, ma DOI (ma link opezera article) ali pomwepo. Titawadina, atatu kunalibe. Nkhani inafika patali, mpaka lero sanavale gauni.

Wa ku Chikanda: Nambala za mafayilo awiri sindinazilembe, ndinangokopera mawu mu kope.

Wa ku Matawale: Ndiye mawa m'mamawa mukhale ku Archives, palibe kuchitira mwina. Osalemba nambala yongoganizira.

Bambo wa ku Chinamwali: Mukadayamba ndi ma footnote simukadaiwala nambala.

Wa ku Sadzi: Kodi binding ya chikuto cholimba anthu akupangitsa kuti masiku ano m'tauni muno? Ophunzira anga atatu akufuna sabata yamawa.