Chiliza cha agogo chadzadza ndere, nditsuke ndi chani?

mdzukulu_waku_Mvera:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndikusonkhanitsa mbiri ya banja lathu chifukwa ana anga anabadwira ku Joni, kwathu sakudziwa nkomwe. Mwezi watha ndinapita kumudzi kukaona chiliza cha agogo aamuna koma chachita bii ndi ndere, pa chaka chomwalira pakungooneka 19 basi. Ndi cha simenti, zilembo zake anachita kukanda ndi msomali simenti isanaume. Achimwene akuti tithirepo Jik tikweche ndi burashi ya waya koma mtima wanga ukukana.

mmisiri_wa_ziliza:
Mtima wanu ukunena zoona achimwene, musayerekeze. Simenti yakale ija imafumbutuka, waya adzachotsa ndere pamodzi ndi dzina lomwe, ndipo Jik amasiya mchere mkati umene umadya chiliza pang'onopang'ono. Tengani madzi oyera ambiri, nyowetsani kaye chikhute, kenako burashi yofewa yapulasitiki, m'zilembomo mswachi wakale kapena kamtengo. Ngati pena pakusweka mukagwira pasiyeni pomwepo.

nachisale_wa_kamera:
Mwinanso simufunika kutsuka kwambiri. Vuto anthu amajambula masana dzuwa lili paliwombo ndiye zilembo zimabisala. Pitani mmamawa kapena chakumadzulo kuwala kukamabwera chammbali, kamthunzi kamalowa m'zilembomo. Ine ndinatenga kalilole wa kuchipinda, mwana wanga akuwalitsa chapambali ine ndikujambula ndi foni, tsiku limene mayi anabadwa linangotulukira poyera ndinalira ndithu. Choko musapake. Jambulaninso manda oyandikana nawo, nthawi zambiri achibale amagona malo amodzi.

gogo_wa_ku_Dowa:
Zonsezo nzabwino koma amfumu mwawauza? Kumanda salowa ngati kumunda mwana wanga, pena kufupi pamakhala dambwe. Pitani ndi amalume anu kwa amfumu akupatseni adzukulu okuperekezani, iwowo ndi amene amadziwa wagona apa ndani ngakhale pamene palibe chiliza. Ndiye poti mwati Mvera, mishoni ija inayamba 1889, ngati agogowo anali a mpingo kafunseni mabuku a ubatizo kutchalitchi, mwina dzina lawo lilimo.

mdzukulu_waku_Mvera:
Zikomo kwambiri nonse. Agogo, ulendo woyamba ndinangolowa ndi achimwene, ndinalakwa ndithu. Ndawaimbira amalume akuti tikaonane ndi amfumu Loweruka.