Ndili pa ntchito komanso ndili ndi kabizinesi: kodi PAYE ikukwanira?

Funso

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za misonkho. Ndili pa ntchito yolembedwa, ndipo mwezi uliwonse abwana amadula msonkho wa PAYE pa malipiro anga asanandipatse. Chaka chathachi ndinagula makina osindikizira n'kuyamba kabizinesi kopanga makadi a ukwati, timapepala totsatsira malonda ndi zikwangwani, ntchito imene ndimagwira madzulo ndi Loweruka. Makasitomala ambiri ndi anthu wamba olipira pamanja, koma pali makampani amene akamandilipira amachotsako ndalama pang'ono n'kundiuza kuti ndi withholding tax. Mnzanga wina akuti popeza ndikudulidwa kale mbali zonse ziwiri, boma latenga gawo lake ndipo palibenso chimene ndiyenera kuchita, koma mtima wanga sukuvomereza. Kodi ndiyenera kupereka fomu ya msonkho pakutha pa chaka? Ngati ndi choncho, msonkhowo uwerengedwa pa ndalama zonse zimene zinalowa, kapena pa zotsala? Nanga ndalama zimene ndinagulira makina zija ndingazichotsere?

Yankho loyamba

Mwachita bwino kufunsa, chifukwa malangizo a mnzanuyo ndi amene amalowetsa anthu ambiri m'ngongole ya boma osadziwa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho mawu omaliza mukawatenge ku bungwe lotolera misonkho kwanuko, kaya ndi MRA ku Malawi, ZRA ku Zambia kapena SARS ku South Africa, koma maziko ake amafanana pafupifupi kulikonse.

PAYE ndi njira yotolera msonkho wa pa malipiro okha. Inayamba ku Britain mu 1944 pofuna kuti wogwira ntchito asamadzalipire msonkho wa chaka chonse nthawi imodzi, ndipo mayiko ambiri anaitengera. Abwana anu amawerengera pa zimene iwowo amakupatsani. Za makina anu osindikizira sazidziwa, ndipo si udindo wawo kuzidziwa. Phindu la bizinesi muyenera kuliulula nokha, ndipo m'mayiko ambiri limaphatikizidwa ndi malipiro anu kuti msonkho uwerengedwe pa zonse pamodzi. Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Msonkho wa munthu umakwera m'magawo: gawo loyamba la ndalama silidulidwa, lotsatira limadulidwa pang'ono, lapamwamba limadulidwa kwambiri. Gawo losadulidwa lija malipiro anu analidya kale, kotero kuti phindu la bizinesi limakwera pamwamba pa malipiro ndi kukumana ndi mlingo waukulu kuyambira pa ndalama yoyamba. Komabe musaope kuti mukalowa m'gawo lapamwamba ndiye kuti ndalama zanu zonse zidulidwa pa mlingo umenewo, ayi; ndi zokhazo zimene zadutsa malire.

Za withholding tax, imeneyi nthawi zambiri si msonkho womaliza koma chikole chimene kampani yakulipirirani kuboma m'dzina lanu. Tiyerekeze kuti pa chaka munagulitsa ntchito ya 1,000,000, ndipo mapepala, inki, magetsi ndi mayendedwe zinadya 700,000. Phindu ndi 300,000. Ngati mlingo wanu uli 30 peresenti, msonkho ndi 90,000. Ngati makampani aja anakudulani kale 30,000, chotsala choti mulipire ndi 60,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma akusonyeza chifukwa chake muyenera kuumirira kuti kampani iliyonse ikupatseni satifiketi ya ndalama zimene inadula, yolembedwa dzina lanu ndi nambala yanu ya msonkho molondola. Popanda chikalatacho, 30,000 ija n'zovuta kuilondola, ndipo mungalipire kawiri. Chaka chimene zodulidwa zaposa msonkho woyenera, muli ndi ufulu wopempha kuti akubwezereni kapena akusungireni za chaka chamawa, koma amene sanapereke fomu sangapemphe kanthu.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi zimene anena achimwene pamwambapa, koma ine ndikufuna kutsindika pa 700,000 ija, chifukwa mkangano weniweni ndi wotolera msonkho umakhala pamenepo. Iye sakana kuti bizinesi imadya ndalama. Chimene amafuna ndi umboni. Ndalama imene munagulira inki popanda lisiti, kwa iye ndi phindu limene munadya.

Ine ndimayendetsa bizinesi yaing'ono, ndipo chimene chandithandiza koposa ndi kulekanitsa matumba. Tsegulani akaunti ya ku banki kapena nambala ya ndalama za pa foni imene ikhale ya bizinesi yokha, ndipo ngakhale kasitomala alipire pamanja, ndalamazo zikalowe kaye mu akauntiyo musanazigwiritse ntchito. Mukafuna kutengako za pakhomo, zilembeni kuti mwini watenga, podziwa kuti zimenezo si zowonongera bizinesi ndipo sizichepetsa msonkho. Invoisi iliyonse ikhale ndi nambala yotsatizana ndi inzake, chifukwa nambala yodumphidwa imadzutsa mafunso.

Samalaninso ndi malisiti a m'masitolo, aja a pepala lopyapyala losalala. Amalembedwa ndi kutentha osati inki, ndipo akakhala miyezi ingapo m'kabati kapena akawombedwa ndi dzuwa amafufutika mpaka kutsala kapepala koyera. Ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo, ndipo kuseri kwake lembani ndi cholembera chimene munagula ndi ntchito imene chinakagwira. Zolembazi zimasungidwa zaka zingapo: ku South Africa lamulo limanena zaka 5, ndipo mayiko ambiri ali chapompo, choncho musatenthe mafayilo chifukwa choti chaka chatha.

Chomaliza kwa ine n'chakuti nthawi iliyonse kasitomala akalipira, patulani gawo la msonkho ndi kuliika padera. Ndalama ya msonkho ikakhala pamodzi ndi mpamba imaoneka ngati yanu, ndipo tsiku lolipira likafika imapezeka kuti inasanduka mapepala ndi inki.

Yankho lachitatu

Funso la makina silinayankhidwe, ndipo ndaona anthu ambiri akulakwitsa pomwepa. Mapepala ndi inki zimatha m'chaka chomwecho, n'chifukwa chake zimachotsedwa zonse. Makina amagwira ntchito zaka zambiri, motero lamulo m'mayiko ochuluka limati mtengo wake uchotsedwe pang'onopang'ono, pa mlingo umene boma linaika pa mtundu uliwonse wa katundu, zimene akatswiri amazitcha capital allowances. Mwachitsanzo, makina a 600,000 pa mlingo wa 20 peresenti wogawidwa mofanana angakupatseni 120,000 chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mayiko ena amalola mabizinesi ang'onoang'ono kuchotsa mtengo wonse kapena gawo lalikulu chaka choyamba, choncho kafunseni musanadzaze fomu. Ngati makinawo munagula pa ngongole, chiwongola dzanja chimaloledwa kuchotsedwa, koma kubweza ngongole yeniyeniyo sikuwerengedwa ngati chowonongera bizinesi. Mukadzawagulitsa, ndalama zake zimalowanso m'mawerengero.

Pa zinthu zimene mumagwiritsa ntchito kunyumba ndi ku bizinesi komwe, monga magetsi, foni ndi galimoto, chotsani gawo la bizinesi lokha, ndipo mukhale ndi njira yomveka imene munaligawira. Munthu amene amalemba mafuta onse a galimoto kuti ndi a bizinesi, pamene galimoto yomweyo imatenga ana kusukulu, amachititsa kuti ngakhale malisiti ake oona akayikiridwe.

Ndisiyane pang'ono ndi yankho loyamba pa mfundo imodzi. Si kulikonse kumene bizinesi yaing'ono imadulidwa pa phindu. Mayiko monga Zambia, Kenya ndi South Africa ali ndi turnover tax, umene ndi peresenti yochepa pa ndalama zonse zogulitsa, osachotsa chilichonse. Ndi wosavuta kuwerengera, koma umapweteka bizinesi imene phindu lake n'lochepa, chifukwa umalipiridwa ngakhale chaka chimene mwaluza. Pa msonkho wa pa phindu, kuluza kwa chaka chino nthawi zambiri kumaloledwa kuchepetsa phindu la zaka zotsatira, malinga munakulemba pa fomu. Dziwani kaye kuti kwanuko muli m'gulu liti, ndiponso ngati lamulo limakupatsani mwayi wosankha.

Wofunsa uja

Zikomo nonse. Nanga ngati chaka choyambachi ndikawerengera n'kupeza kuti palibe phindu, ndiperekebe fomu? Ndipo chaka chake chimayambira pati?

Yankho lachinayi

Perekanibe. Kupereka fomu ndi kulipira msonkho ndi maudindo awiri osiyana, ndipo uliwonse uli ndi chilango chake. Munthu wolembetsedwa amene sanapereke fomu akhoza kulipitsidwa chindapusa ngakhale kuti msonkho wake unali ziro, ndipo m'malamulo ambiri wotolera msonkho ali ndi mphamvu yongoyerekeza yekha phindu lanu ndi kukutumizirani bilu, imene kuitsutsa kwake kumafuna malisiti omwe aja. Chimodzimodzinso ngati msonkho ulipo koma ndalama mulibe: perekani fomu pa nthawi yake, kenako mupemphe dongosolo lolipira pang'onopang'ono, podziwa kuti chiwongola dzanja chimapitirira kukwera mpaka mutamaliza.

Chaka cha msonkho sichiyamba mu Januwale kulikonse. Ku United States chimatsata kalendala ndipo fomu imaperekedwa pofika pa 15 Epulo. Ku Britain chimayamba pa 6 Epulo. Ku South Africa cha munthu payekha chimayamba pa 1 Malichi. Ku Australia pa 1 Julayi. Malangizo a pa intaneti olembedwera dziko lina angakusocheretseni pa masiku amenewa. Funsaninso za provisional tax, chifukwa amene ali ndi ndalama zosadutsa mu PAYE kawirikawiri amayenera kuyerekeza phindu lawo ndi kulipirako m'kati mwa chaka, kawiri kapena kanayi malinga ndi dziko, ndipo kuyerekeza motsika kwambiri nakonso kuli ndi chilango. Popeza makampani akukudulani kale withholding tax, n'kutheka kuti dzina lanu lili kale m'makompyuta a bungwe la misonkho ngati munthu wochita malonda, ndiye pitani mukalembetse bizinesiyo mutanyamula masatifiketi aja, ma payslip a chaka chonse ndi lisiti la makina.