Filimu ya chi Filipino yandisowetsa tulo, amayi akufuna kukwatiwa ku Joni

MwanaWaLinga:

Abale ndithandizeni nzeru, ndipo pepani ndilemba zambiri. Ndili ku Nkhotakota kuno cha ku Linga, ndimagulitsa mpunga. Amayi anga ali ndi zaka 57, anapita ku Joni bambo athu atangomwalira, pano zikukwana zaka 13 akugwira ntchito ya m'nyumba ku Durban. Nyumba yomwe ndikulembamo uthengawu malata ake anagula ndi iwo, mlongo wanga anamaliza sukulu ndi marandi awo, ngakhale mpamba wanga wa mpungawu anandiyambitsa ndi iwowo, sindingabise.

Ndiye mwezi wathawu anditumizira voice note ya maminitsi 6, ine kumaganiza kuti ndi zamwendo wawo uja umawavutawu, kumvetsera ayi ndithu, akuti achimwene inu ndinu wamkulu ndiye ndayamba kuuza inu, kuno ndapeza munthu. Bambo ena ake a ku Mangochi a zaka za m'ma 60, telala, akazi awo anamwalira. Akufuna zichitike mwadongosolo, ankhoswe adziwane. Ine ndinangoyankha kuti ndamva basi. Amalume nditawauza anachita kudzuka pampando, akuti zamanyazi, munthu wa zidzukulu 5 azikapanga zibwenzi kunja ngati kamtsikana? Mlongo wanga analira ndipo anawabuloka pa WhatsApp. Inenso zinandinyansa, zoona.

Tsono Loweruka ndinakaikitsa mafilimu mu flash kwa mnyamata wina pa boma, madam amakonda za chi Filipino zija. Ina mwa izo inali ya anthu akuluakulu awiri, mayi ndi bambo a imvi zawo, onse akugwira ntchito ku Japan, achibale kwawo akungodalira iwo, kenako nkukondana. Ndinayamba kuonera monyoza ndikudya kondowole, koma kufika pakati nsima inandikanika. Chomwe chinandipweteka si filimuyo kwenikweni, koma nditapita kukagona ndinaimveranso voice note ija, ndipo pena pake amayi anaseka, kaphwete kenakake kamanyazi, ndikuuzeni ine zaka zonsezi kuseka kumeneko sindinakumvepo. Kenako ndinayang'ana ma meseji anga onse omwe ndawatumizira chaka chino. Pafupifupi onse akuyamba ndi mwadzuka bwanji nkuthera pa fetereza, fizi, kapena mwana wadwala.

Funso langa ndi ili, kodi ndiwalimbikitse amalume avomere kapena ine ndangotengeka ndi za m'mafilimu? Komanso amene akudziwa dzina la filimuyi andiuze, mu flash mwangolembedwa kuti Philippines 4.

Dada_wa_SengaBay:

Kkkk Philippines 4, anyamata oika mafilimuwa ndi ma dolo. Mmene mwafotokozeramo achimwene imeneyo ndi When I Met You in Tokyo, inatuluka pa 25 December 2023. Mayiyo ndi Vilma Santos, bamboyo ndi Christopher de Leon, awiriwa anayamba kupanga limodzi mafilimu achikondi m'ma 1970 ali achinyamata ndiye anthu akwawo anakula akuwaona, kuwaonanso atakalamba zinali ngati kuona makolo awo. Mayiyo nthawi imeneyo anali ndi zaka 70 ndipo anapata mphoto pa Metro Manila Film Festival chaka chomwecho. Si munthu wamba, anakhalapo bwanamkubwa wa chigawo cha Batangas kuyambira 2007 mpaka 2016.

Ine mafilimu awowa ndimawatsata kwambiri chifukwa nkhani zake ndi zathu zomwe. Kwawoko anthu ogwira ntchito kunja amawatcha ma OFW, alipo mamiliyoni, ena manesi, ena a m'sitima zapanyanja, azimayi ambiri ndi antchito a m'nyumba ku Hong Kong ndi maiko a Aluya, ndipo ndalama zomwe amatumiza kwawo zimaposa madola 30 biliyoni pachaka. Boma lawo mpaka linakhazikitsa unduna wapadera woona za anthu amenewa, amawatamanda kuti ndi ngwazi za dziko. Alinso ndi chikatoni chawo chotchuka amati balikbayan box, munthu amakhala akuponyamo sopo, nsapato, chokoleti pang'onopang'ono miyezi yambiri kenako nkutumiza, chimodzimodzi zikwama zathu zobwera ndi matransipota zija. Koma onani, dziko lonse limawaimbira m'manja chifukwa cha ndalama, pamene zoti munthuyo usiku amagona yekha palibe amazifunsa. Ndiye kwawoko nkovuta kuposa kuno chifukwa lamulo lawo sililola kusudzulana kupatula kwa Asilamu, ena onse mpaka khothi ligamule kuti ukwatiwo sunali ukwati nkomwe, zodula komanso zotenga zaka. Amayi anu ndi namfedwa, palibe chowamanga. Ine ndiye ndingoti zabwino zonse.

ChiaLagoon77:

Inu musatengeke ndi mafilimu. Filimu imatha maola awiri, anthu nkuvula zovala za sewero nkumapita kwawo. Ine ndakhalako ku Joni zaka 4 ndipo ndikudziwa zomwe azibambo amachita kumeneko, munthu ali ndi mkazi ndi ana 7 ku Mangochi koma kumeneko amati ndine wamasiye, akungofuna pogona pa ulele ndi omuphikira. Mayi wa zaka 57 wogwira ntchito yokhazikika kumeneko ndi banki yoyenda. Mwawaona bambowo? Manda a akazi awowo alipo amene anawaona? Akayezetsa magazi? Nanga mawa amayi atati atisiye kumeneko, Mulungu asalole, maliro adzanyamula ndani, mukudziwa mtengo wobweretsa thupi kuchokera ku Durban kufika pa Nkhotakota? Nanga nyumbayo ikadzakhala yolimbirana ndi ana a bambowo? Amalume anu sakulakwa, angolephera kufotokoza bwino.

MwanaWaLinga:

A Chia mafunso anuwo ndi omveka ndipo ena sindinawaganizire. Koma amalume sanafunseko ngakhale limodzi mwa amenewa. Iwo funso lawo loyamba linali lakuti ndiye za fetereza chaka chino zikhala bwanji.

ChiaLagoon77:

Kkkkk ayi apo ndiye ndagonja. Komabe fufuzani.

Gogo_Chipoka:

Ana inu mundilole ndiyankhuleko, foniyi akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ine bambo anga anapita ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, ndili wamng'ono. Nthawi imeneyo amuna a kuno ku Salima ndi ku Kotakota ankapita ambiri, ena ku migodi ya ku Joni ena ku Harare komwe tinkati ku Sozibele, ndipo amene sanabwerere tinkawatcha matchona. Ndikukumbuka 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 omwe amabwerera kumudzi, a Kamuzu analetsa za Wenela, kenako zinadzayambiranso ndi dzina la Teba mpaka kudzatheratu mu 1988. Bambo anga sanali mu ndegemo. Iwo anachedwa ndi zina. Anadzabwera patapita zaka ndi njinga, wailesi, jekete lalikulu, ndi chithunzi cha mkazi wina ndi ana awiri, nkuchiika pakhoma m'nyumba ya amayi anga. Mudzi wonse palibe anati zamanyazi. Ankangoti mwamuna sangakhale yekha kutali konseko. Amayi anga anadikira zaka zonsezo osayang'ana kumbali, akanangoyerekeza bwenzi nkhani ili kwa amfumu.

Lero zinthu zatembenuka, amene akukwera basi ndi azimayi, ndiye mwayamba kuwerenga zaka zawo ndi zidzukulu. Mayi anuwo anaika mwamuna wawo m'manda, analira, anameta, analera ana, sanabise kanthu, achita kukuuzani okha nkupempha ankhoswe. Bambo anga sanapemphe munthu. Ine ndili ndi zaka zoposa 70 ndipo ndikuuzeni mwanawe, kukalamba sikuchotsa kusungulumwa, kumawonjezera. Masana ulipo ndi zidzukulu koma ikangokwana 7 koloko aliyense walowa kwake watseka chitseko.

Amalume anuwo muwauze kuti ntchito ya mwini mbumba ndi kukaona kumene mlongo wake akulowa, osati kumuwerengera ndalama.

NaBanda_Durban:

Ndawerenga zonse ndili pa taxi ndipo ndalephera kungodutsa. Ine kwathu ndi ku Khombedza, ndili kuno chaka cha 9, ntchito yomweyo ya m'nyumba. Inu a kumudzi mumaona zithunzi zathu titatchena pa mall Lamulungu ndiye mumati tikudyerera. Tsiku langa ndi ili, kudzuka 4 koloko, kusamba madzi a mu ketulo, kuyenda mdima uli bii chikwama utachikumbatira kuopa anyamata, kukakolopa nyumba ya eni, kulera ana a eni mpaka amakutcha mama pamene ako akukulira pa video call, kubwerera usiku kukachipinda kamodzi ka malata komwe bedi, mbaula ndi ndowa zonse zili pamodzi. Ukamva galimoto ya apolisi mtima uli phaa ngati mapepala sali bwino, ukuganiza za Lindela, kumene amatsekera anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Chaka chatha ndinadwala masiku 5, kutentha thupi kosatha nkudzuka komwe, foni inalira kawiri, konse kunali kumudzi kufunsa ngati ndatumiza pa Mukuru. Amene anandibweretsera phala ndi Panado anali bambo ena a ku Ntcheu oyandikana nawo, anagogoda nkusiya pakhomo osalowa nkomwe. Sindikuti ndi chibwenzi changa kkkk musandiyambe. Ndikungoti ukafika msinkhu winawake chomwe umafuna si za achinyamata zija ayi, umafuna munthu woti akaona chitseko chako sichinatsegulidwe mpaka 9 koloko adabwe.

Zomwe anena a Chia zilipo, ndaziona ndi maso, azimayi anzathu kudyeredwa ndalama mpaka kubwerera kumudzi ndi chikwama chokha. Koma njira yake si kuwabuloka amayi. Mukawakaniza iwo sasiya, angosiya kukuuzani, ndiye pamenepo mpamene munthu amaonongeka popanda womuona. Kuno Amalawi timadziwana, a ku Mangochi ali ndi magulu awo, a mzikiti, a tchalitchi, magulu a maliro omwe timasonkha mwezi ndi mwezi. Funsani mudzi wa bambowo ndi mfumu yake, pasathe sabata mudziwa zonse mpaka nambala ya nsapato. Nyumbayo ngati mukuopa, amayi alembe pepala pamaso pa amfumu kuti ndi ya ana awo, nkhani yatha. Ndipo achemwali anuwo muwauze atsegule foniyo, munthu anakulipirira fizi ndi maondo otupa sungamubuloke chifukwa waseka.

Dada_wa_SengaBay:

A NaBanda mwandiliza. Ku Hong Kong azimayi a chi Filipino aja Lamulungu amakakhala pansi pa makatoni m'misewu ya pakati pa tauni, kudya limodzi, kulukana tsitsi, kuimba foni kwawo, chifukwa malamulo akumeneko amati wantchito azigona kwa bwana ndiye alibe kwina kopumira. Ndikamaona zithunzi zake ndimangoona inu nomwe.

Kamuzu_Road_Boy:

Ine funso langa ndi limodzi, telalayo amasoka masuti? Chifukwa ngati amasoka ndiye achimwene mwapata, ukwati wa mlongo wanu suti yaulere kkkk. Koma kunena zoona ine amayi anga atandiuza zimenezi ndikhoza kukomoka kaye kenako nkudzavomera Lachitatu.

MwanaWaLinga:

Zikomo nonse, makamaka agogo a ku Chipoka ndi a NaBanda. Ndabwera ndikuuzeni pomwe zafika. Dzana ndinawaimbira amayi, osapempha kalikonse, ndinangoti amayi ndiuzeni za bambowo. Anakhala chete kaye mpaka ndinayesa netiweki yathawa, kenako anayankhula ola lathunthu, mayunitsi anathera panjira anachita kundiimbiranso iwo. Akuti anadziwana atapititsa zipi ya chikwama kuti akakonze, bambowo anakana ndalama, sabata yotsatira amayi anapititsanso siketi yomwe sinang'ambike nkomwe, anachita kuisomola okha ulusi kkkk amayi anga enieni a Mvano. Dzina la mudzi andipatsa, ndipo mnzanga wina amene amapita ku Mangochi kukagula usipa wavomera kukafunsafunsa mwakachetechete. Zoyezetsa ndinachita manyazi kufunsa koma anayamba okha, akuti anapita limodzi kalekale, inu mumationa ngati ana.

Amalume ndinapita kukawaona ndi nkhani ya agogo ija ya matchona, poti nawonso bambo awo aang'ono anatchona ku Zimbabwe. Sanavomere koma sanakanenso, angoti abale a bambowo akabwera adzawalandira, kenako anafunsanso za fetereza, ndinawauza kuti chaka chino thumba limodzi ndigula ine. Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chitagalogi, chiyankhulo cha ku Philippines.

Mlongo wanga sanawatsegulebe. Ndamutumizira filimu ija pa memory card kudzera kwa kondakitala wa minibasi ya ku Dwangwa, sindinamuuze kuti ndi ya chani, ndangolemba kuti Philippines 4. Achimwene awo a bambowo akuti abwera kumapeto kwa mwezi, ndiye a ku Mangochi mundiuze, anthu amenewa ndiwaphikire chambo kapena akatopa nacho kwawo ndingopha nkhuku?